Mapesi, Madeya ndi Ng'ombe ya Mayi Alufandika

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinapuma ntchito ndili pa mpando womwewo umene ndinayambira, pamene anzanga a kalasi imodzi anathera m'maofesi a makapeti ku Lilongwe. Amayi anu amati ndi kuuma mutu. Sakunama kwenikweni, koma nkhaniyi ili ndi ng'ombe m'kati, ndipo ndikufuna muimve kwa ine ndisanayambe kuiwala. Za ubwana wanga ku Ntcheu mwazimva mpaka kutopa nazo, ndiye ndiyambira pa ntchito.

Chaka choyamba, ku Maseya

Nditangomaliza sukulu ya ulimi ananditumiza ku Chikwawa kukakhala mlangizi wa ziweto m'dera la Maseya. Basi itayamba kutsetsereka phiri kulowa m'chigwa ndinavula jekete, titafika pansi ndinavula tayi, ndipo powoloka Shire ndinali nditayamba kale kudzifunsa kuti kodi ndinalakwira ndani ku likulu. Kwathu dzuwa limawala, kuno limachita kumenya. Koma ng'ombe ndinazipeza zambiri kuposa zonse zimene ndinaonapo chibadwire, ng'ombe za makolo, za linunda, zopirira ngati eni ake. Panalibe munthu woti n'kuzimwetera udzu. Dzinja zinkadya kutchire, anthu akakolola zinkalowa m'minda, dziko likauma zinkatsikira ku madambo a m'mbali mwa Shire, madzulo n'kubwerako zokha fumbi lili koboo. Ntchito yanga inali katemera, dibi ndi makalata a ng'ombe zopita ku msika. Ndinakwatira amayi anu, ndinaphunzira Chisena chokwanira kupereka moni ndi kumva anthu akamandijeda, ndipo ndinayamba kuganiza kuti chigwa ndachidziwa.

Bwana wanga anali a Namate, amene ankakhala ku boma. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Vuto lawo linali lakuti ankakhulupirira pepala kuposa maso awo. Chinthu chikalembedwa ndiye kuti chilipo, chikapanda kulembedwa ndiye kuti kulibe, ngakhale chikununkha pakhomo pawo. Akabwera kudera ankayenda magalasi a galimoto ali chitsekere, ndipo dandaulo lililonse yankho lake linali limodzi: "Lembani, tiona." Mankhwala a dibi akatha, lembani, tiona. Tayala la njinga yamoto likaphulika, lembani, tiona. Ndinalemba zaka zisanu, ndipo zimene ndinaona n'zochepa.

Febuluwale, chaka chachisanu ndi chimodzi

Munthu wofuna kuti chigwa cha Shire chimunamize abwere mu Febuluwale. Chaka chimenecho a Namate anafika ndi alendo a bungwe lina lothandiza, anthu aulemu ndi zipewa zawo, amene anali ndi ng'ombe za mkaka zofuna kugawa kwa alimi ang'onoang'ono. Tinaima pambali pa msewu, udzu ukufika m'khosi, dziko lonse lili biriwiri. Mmodzi wa alendowo anatambasula manja n'kunena kuti, "Udzu wonsewu ukungoonongeka! Kuno mkaka ungachite kusefukira." Ine ndinati, "Bwana, mukadabweranso mu Okutobala kuti mudzaone." A Namate anandiponda phazi mpaka chala chinachita dzanzi, ndipo titalowa m'galimoto anandifunsa ngati ndikufuna kuthamangitsa chitukuko ndi pakamwa panga. Ndinatseka pakamwapo.

Ng'ombe zinabwera mu Epulo, za mawanga akuda ndi oyera, zazikulu mafupa, zonse zili ndi bere. Zinachokera kumapiri kozizira, ndipo zinatsika mu lole malilime ali panja. Malamulo ake ndinawawerenga ndekha pa msonkhano, ndipo ndikuwakumbukira mpaka lero. Ng'ombe isatuluke m'khola, chifukwa kunja kuli nkhupakupa ndi nkhunzi za makolo. Mlimi abzale nsenjere, asunge mapesi, aziipatsa madeya tsiku ndi tsiku. Thole loyamba lalikazi lipite kwa mnzake amene ali pa mzere. Ng'ombe ikafa ndi matenda kapena ngozi, mlimi atsale ndi thole kuti ayambirenso. Ikafa chifukwa cha kusasamala, thole lilandidwe, dzina la mlimi liwerengedwe pa msonkhano wa mudzi, n'kufufutidwa m'gulu. Anthu anaomba m'manja, poti ndani sangaombere ng'ombe yaulere?

Mwa amene analandira panali Mayi Alufandika, mayi wamasiye wa ana anayi, wamfupi, wosalankhulalankhula, amene makolo ake anachokera kutsidya ku Mozambiki. Khola lake ndi limene linayamba kutha, ndipo nsenjere zake zinali m'mizere yowongoka ngati wachita kuyeza ndi chingwe. Ndinkanyada naye kwambiri. Mlendo aliyense wobwera kudera ndinkathamangira naye kumeneko, iye n'kusiya khasu, kuvala chitenje chatsopano, kuima pambali pa khola kuti amujambule. Ng'ombeyo anaitcha Dona. Nditamufunsa chifukwa chake anati, "Imadya itakhala pamthunzi, ife tikuigwirira ntchito." Ndinaseka kwambiri, ndipo nthabwala imeneyi ndinkaiuza alendo.

Julayi, chaka chomwecho

Apa ndi pamene mabuku anagundana ndi mudzi. Kuchigwa kuno anthu akamaliza kukolola mapira ndi mchewere, ziweto zimamasulidwa, ndipo munda uliwonse umasanduka busa la aliyense. Mapesi sakhalanso a mwini munda, amakhala a ng'ombe za mudzi wonse. Ine ndinkazidziwa zimenezi, ndinali nditaziona zaka zisanu, koma pepala linati mlimi asunge mapesi, ndipo matenda a bwana wanga anali atayamba kundigwira. Tinamanga thandala lalitali pafupi ndi khola, Mayi Alufandika n'kuyamba kututa mapesi a m'munda mwake pamutu, mtolo ndi mtolo. Tsiku lachitatu anatipeza a Zuze, mkulu wake wa malemu mwamuna wa mayiyu, mwini khola lalikulu m'mudzimo, munthu wamtali wolankhula motsitsa mawu.

"Muli tani, alangizi?" anatero atakhala pansi bwinobwino. "Ndamva kuti mlamu wanga akukolola kachiwiri."

"Akusunga chakudya cha ng'ombe yake, baba," ndinayankha. "Munda ndi wake."

"Munda ngwake mukakhala mapira. Mapira akachoka ngwa ng'ombe. Zanga zadya m'menemo kuyambira mng'ono wanga ali moyo, ndipo ndowe zimene zimasiyamo sindinabwerepo kudzazitola. Nanga iyi bwanji osaitulutsa ikadye ndi zinzake?"

"Singatuluke. Ndi lamulo."

"Yalakwanji?"

Ndinawafotokozera za nkhupakupa, za mtundu, za mkaka, iwo akungogwedeza mutu ngati munthu womvetsera mwana akuloweza ndakatulo. Sabata isanathe, ng'ombe za mudzi zinathyola mpanda wa minga n'kumeta nsenjere zonse mpaka pa dothi. Lero ndikudziwa kuti ng'ombe yanjala singaone chobiriwira chokhacho m'mudzi wonse n'kuchilambalala. Koma tsiku limenelo ndinapsa mtima. Pamaso pa anthu ndinanena kuti a Zuze achita dala, kuti ndi nsanje, kuti sakufuna kuti mkazi wamasiye atukuke. Mkuluyo anangoti, "Pyadidi, alangizi," kutanthauza kuti chabwino, basi n'kunyamuka. Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wa pamsewu. Amene anavutika ndi pakamwa panga sindinali ine. Ku mjigo amayi anzake anayamba kumutcha Mayi Alufandika womana, ndipo ngolo ya a Zuze, imene kale inkamututira katundu, sinaimenso pakhomo pake.

Alimi ena a m'gulumo anali ochenjera kuposa ine. Ankatsegula makola m'mamawa n'kusakaniza ng'ombe zawo za mkaka ndi za makolo popita ku dambo, ndipo akamva njinga yamoto ankayamba kundiuza kuti yangotuluka kumene, yathyola chitseko. Ndinkawakalipira, kuwaopseza kuti ndiwalanda, n'kumawauza kuti atengere chitsanzo kwa Mayi Alufandika. Iye yekha ndi amene anasunga lamulo lonse, osaphonyapo.

Okutobala

Dona anabereka mu Ogasiti, thole lalikazi lokongola, ndipo kwa milungu ingapo mkaka unatuluka ndithu. Tinajambulitsanso. Koma chaka chimenecho mvula inali itadula mapira asanakhwime bwino, ndipo pofika Okutobala nkhokwe zambiri zinali pululu. Ng'ombe ya mkaka, ana anga, imadya ngati chigayo. Imafuna mtolo m'mawa, mtolo masana, mtolo madzulo, ndi ndowa za madzi zoti munthu mpaka khosi kuuma. Mapesi a pa thandala anatha mu Seputembala. Mayi Alufandika ankalawirira ku dambo, ulendo wa maola awiri, kukamweta udzu ndi bango lanthete m'mbali mwa madzi momwe muli ng'ona, kubwerako dzuwa lili paliwombo, mtolowo n'kutha iye asanapukute thukuta. Ankatola nyemba za nsangu pansi pa mitengo molimbirana ndi mbuzi. Za madeya ndiye musanene. Buku limati madeya ndi chakudya cha ziweto chosavuta kupeza. Amene analemba bukulo sanaimepo pa chigayo chaka cha njala, pamene amayi amasesa ndi pansi pomwe kuti akaphikire ana phala. Ine ndinkafika, kusuzumira modyera, kulemba m'kabuku kanga, n'kupita.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ku minda ikuluikulu ya nzimbe, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, inali nthawi yodula, ndipo nsonga za nzimbe zinali mbwee. Chimene chinkafunika ndi lole yokha. Ndinalemba kalata yoyamba, anati tiona. Ndinalemba yachiwiri, anati mafuta kulibe. Yachitatu ndi imene inayankhidwa: anatiitana alangizi tonse ku hotela ina ku Blantyre kukaphunzira kasungidwe ka udzu. Kasungidwe ka udzu, mu Okutobala, pamene ndi udzu wofolerera chimbudzi womwe unali kusowa! Masiku atatu tinadya nkhuku, tikujambula maenje osungiramo udzu pa mapepala akuluakulu. Ndinabwerako ndi chikwama, kapu, ndi chithunzi chachikulu cha ng'ombe yonenepa choti ndikakhome pa khola. Ndikunena zoona, ndinalakalaka chikadakhala chodyeka. Mafuta a lole kunalibe, koma a minibasi yopita ku hotela anapezeka, ndipo nkhani imeneyi imandinyansa mpaka lero. Nthawi imeneyi n'kuti Dona nthiti zikuwerengeka, mkaka ukungokwanira thole.

Kenako kunagwa chizimalupsa, mvula ya tsiku limodzi, dzuwa n'kubwereranso ndi ukali wake wonse. Patapita sabata ndi theka, ndikudutsa m'munda mwa Mayi Alufandika, ndinaona zitsa za mapira zitaphukira, mphukira zanthete zobiriwira bwino, munda wonse. Ndinaima pomwepo. Ng'ombe za mudzi sizinazikhudze, eni ake ankazikusira kutali, ndipo ine m'malo modzifunsa chifukwa chake ndinangoti ndi mwayi wathu. Ndinabwereka zenga kwa mayiyo n'kuyamba kumweta ndekha, malaya nditakolowoka pa mtengo. Ndili mkati momanga mtolo, a Zuze anaima pa malire a munda. Inali itatha miyezi itatu asanandiuze mawu opitirira moni.

"Alangizi, zimenezo mukupita nazo kuti?"

"Ku khola."

"Nkhabe, ayi. Zathu sitizidyetsa zimenezo. Mapira akaphukira pa dzuwa amakhala ndi ukali."

"Mapesi munati ndi anu, nsenjere munadya," ndinatero. "Izinso mukuzifuna?"

"Ine ndanena," anatero, n'kupitiriza ulendo wawo.

Ku khola Mayi Alufandika, amene anali atamva mawu a mlamu wake, anayang'ana mtolowo n'kunena motsitsa kuti, "Alangizi, alamu akunena zoona. Ife timaziopa zimenezi." Ndinamuyankha kuti ng'ombe ndinachita kuphunzira ku sukulu, kuti chobiriwira ndi chobiriwira, ndipo asamamvere anthu ansanje. Ndinathira modyera ndi manja angawa. Dona anadya ngati wapenga. Ndinali ndisanamalize kusamba m'manja pamene anayamba kupuma mwabefu, thupi lonse kunjenjemera, thovu kukamwa. Anadzandira, anagwada, n'kugwa chammbali miyendo ikupalasa. Ndinathamangira chikwama changa, momwe munali mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba basi. Ola lisanakwane Dona anali atafa, thole likulira mbali inayo ya khola. Anthu anadzaza pabwalo. Palibe amene ananditukwana, ndipo ndikadakonda akadanditukwana.

Nditafika kunyumba ndinavundukula makope anga akusukulu, ndipo ndinazipeza. Mzere umodzi, wolembedwa ndi dzanja langa, wakuti mphukira za mapira nthawi ya chilala zimakhala ndi poizoni wopha msanga. Ndinali nditadula mzere kunsi kwake chifukwa aphunzitsi anati zibwera pa mayeso. Kwathu timalima chimanga. Mayesowo ndinakhoza, n'kuiwala.

Novembala

Fomu ya imfa ya ng'ombe inali ndi mabokosi atatu: matenda, ngozi, kusasamala kwa mlimi. La njala panalibe, poti pa pepala chakudya chinalipo chokwanira. La mlangizi ndiye osaliyembekeza n'komwe. Dokotala wa ziweto wa ku boma anali atatumbula kale ng'ombeyo n'kulemba zimene anapeza m'chifu, ndiye bokosi la matenda linali litatsekeka. Chinanso muyenera kudziwa: chaka chimenecho dzina langa linali pa mndandanda wa opita ku maphunziro apamwamba, amene akabwerako amakhala oyang'anira alangizi anzawo. Ndinali nditadikira zaka zisanu ndi chimodzi. A Namate anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

"Anathira modyera ndani?"

"Ine, bwana."

"Sindinamve. Khola ndi la ndani?"

"La Mayi Alufandika. Koma tingathe kulemba kuti ndi ngozi."

"Ngozi ndi mphezi, ngozi ndi njoka. Munthu samweta ngozi ndi zenga n'kuimanga mtolo. Alendo aja adzafunsa kuti anathira ndani. Chongani lachitatu. Mayi wa kumudzi dzina lake likawerengedwa pa msonkhano, mawa alima ngati kale. Koma inu mukalemba zanuzo adzati alangizi a boma sadziwa ntchito, ndipo ine ndidzayankha chiyani? Dzina lanu lili kale ku likulu. Musadzidule nokha miyendo."

Anandipatsa mpaka Lolemba. Amayi anu, amene nthawiyo anali oyembekezera, sanazungulire. Anati, "Mayiyo ali ndi abale ake. Ife kuno tili ndi ndani?" Musawaweruze, ankanena zoona. Ndipo sindikubisirani, Loweruka ndinachonga bokosi lachitatu ndi pensulo. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi kuganiza za msonkhanowo. M'mudzi monsemo munalibe ndi mmodzi yemwe wosadziwa amene anagwira zenga. Ine ndikadaimirira pansi pa mtengo, pepala m'manja, kuwerenga dzina la mayiyo, a Zuze atakhala kutsogolo, ndipo palibe akadanditsutsa, poti ndani amatsutsa munthu wa boma? Akadangoomba m'manja n'kumwazikana. Mawa lake ndikadabweranso kudzawaphunzitsa kuweta ng'ombe. Zimenezo n'zimene zinandikanika.

Lolemba ndinafufuta pensulo ija, n'kulemba ndi cholembera kunsi kwa mabokosi onse atatu kuti ng'ombe iyi inali kufa kale ndi njala, ndipo mlangizi, ine, ndinaidyetsa mphukira za mapira ngakhale mlimi ndi mlamu wake anandiletsa. Pepala lina lofanana ndinalitumiza ndekha kwa a bungwe lija, podziwa kuti madirowa a ku boma amameza zinthu. A Namate anawerenga ataimirira, n'kunena kuti, "Mwadzipha nokha." Dzina langa linachoka pa mndandanda ndipo silinabwererenso. Kalata yondisamutsira ku Marka, kumalire kwenikweni komwe msewu umathera, inafika milungu iwiri isanathe. Pa zaka zonsezo, ndi nkhani yokhayo imene ofesi ija inaiyendetsa msanga. Koma a bungwe anayankha kuti mlimi alibe mlandu ndipo thole atsale nalo. Ndinkayenda chifuwa patsogolo, ndikudziona ngati munthu amene wadzipereka nsembe.

Disembala

Lole yosamutsa katundu wathu inapezeka, ndi mafuta omwe. M'mawa wa tsiku lonyamuka, anthu akukweza mipando, ndinapita kukatsanzikana ndi Mayi Alufandika ndi kumuuza nkhani yabwinoyo. Ndisaname, ndinkayembekeza nthungululu. Ndinamupeza akuchokera ku khitchini ndi beseni la phala la madeya, akupita nalo ku khola, poti thole lopanda mayi ankalilera ndi phala. Atandiona anaika beseni pansi.

"Mayi, nkhani yatha," ndinatero. "Dzina lanu silidzawerengedwa. Thole ndi lanu. Zaka ziwiri zikubwerazi mudzakhala mukukamanso."

Anakhala pansi, kupukuta manja pa chitenje, n'kuomba m'manja mwaulemu, kuthokoza m'Chisena. "Takhuta, alangizi. Za dzina langa mwachita bwino, manyazi ndinkawaopa. Koma thole ili ndithandizeni, lichoke."

Ndinayesa sindinamve bwino. "Lichoke lipite kuti? Mukudziwa zimene ndataya ine chifukwa cha thole limeneli?"

"Ndamva, ndipo pepani. Koma ine chaka chino dimba sindinalime, nthawi yonse ndinali ku udzu. Madeya awa ndachita kuchotsa pa mbale ya ana. Tsiku limene Dona anafa ndinalira, anthu anaona. Koma mawa lake ndi pamene ana anga anadya kawiri, chichokere Ogasiti. Ndiye mukuti ndiyambirenso, zaka ziwiri?"

"Nanga bwanji simunanene nthawi yonseyi?"

"Ndinene kwa ndani? Inu mukafika mumayambira modyera. Yadya? Yamwa? Ndowe zake zili bwanji? Ine ndimayankha zimene mwafunsa."

Ndinafuna kukalipa, mawu anali atafika kale pakhosi. Maphunziro apita, ulemu wapita, mkazi woyembekezera ali pa lole yopita kumalire, zonsezi chifukwa cha thole limene mwini wake sakulifuna! Ndinatembenuka kuti ndisamuyang'ane, ndipo maso anga anagwera pa khonde. Ana anayi aja anali atakhala mondondozana, ali phee. Sankayang'ana ine, sankayang'ana mayi awo. Ankayang'ana beseni. Pakhomo pamenepo ndinali nditapondapo miyezi isanu ndi itatu, sabata ndi sabata, ndipo m'kabuku kanga munali chilichonse cha Dona, tsiku lobereka, muyeso wa chifuwa, mkaka wa m'mawa ndi wa madzulo. Mwa ana amenewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndinkamudziwa dzina.

"Alamu ali ndi ng'ombe imene mwana wake anafa," anatero mayiyo. "Akuti ingathe kuliyamwitsa, likakula lizipita ku dambo ndi zinzake. Koma akuti khola la boma iwo sangatsegule."

Anandilozera kumsewu. A Zuze anali ataima pansi pa mtengo wa masawu, chingwe m'manja, akuyang'ana kwina. Lamulo linkaletsa, ndipo ine ndi amene ndinaliwerenga pa msonkhano. Ndinapita ku khola, ndinasolola mitengo ya pachitseko umodziumodzi, n'kulitulutsa tholelo. Linkadzandira pa dzuwa, poti chibadwire linali lisanapondepo kunja. Ndinalikankha pang'onopang'ono mpaka kumsewu. A Zuze analimanga chingwe m'khosi osafulumira, analisisita pamsana, n'kungoti, "Muyende bwino, alangizi."

Kumbuyo kwanga Mayi Alufandika ananyamula beseni lija n'kupita nalo pa khonde, akuitana ana mmodzimmodzi. Fatima, Zefa, Tomasi, Luwiza. Ndinaima pamsewupo mpaka anamaliza, kenako ndinapita kukakwera lole.